Chifuwa Chimene Tinkati N'cha Utsi

Amayi anaphunzira kuphika buledi ku Malawi, nthawi imene tinathawa nkhondo. Ine sindikumbukira kalikonse ka kumeneko, chifukwa tinabwerera kwathu ku Ngauma ndili wa kumsana. Zimene ndimakumbukira ndi za ku Mandimba, kumene tinasamukira bambo atamwalira. Kuseri kwa nyumba yathu kunali uvuni wa njerwa umene amayi anamanga okha, wakuda bii ndi mwaye, ndipo m'menemo ndi mmene munkachokera sopo, mchere, makope a kusukulu ndi malata amene tinkawonjezera padenga chaka chikayenda bwino. Tinkaphika timibulu tija timati pawu, komanso masikono a Chimalawi amene anthu a kabaza ankakonda kumwera tiyi.

Sukulu ndinalekezera panjira. Ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wamkazi, kenako mwamuna wanga anapita kukakumba miyala kutali, foni zake n'kumachepa mpaka zinasiyiratu. Ndinabwerera kwa amayi ndi mwana m'manja, ndipo sanandifunse zambiri. Anangondisunthira beseni la ufa kuti ndikande.

Amayi ankatsokomola kuyambira kalekale. Aliyense wosonkha moto m'uvuni amatsokomola, ndiye panalibe amene ankadabwa. Ine nditayamba kutsokomola chaka chimenecho, iwo anaseka n'kunena kuti tsopano ndakhala wophika buledi weniweni. Ankawiritsa masamba a bulugamu ndi mandimu, tonse n'kumamwa. Zovala zinayamba kundikhwepa m'chiuno, koma ndinkati n'kuganiza za mwamuna uja.

Achemwali anga, amene anabadwa ine ndisanabadwe, anakwatiwa ku Cuamba ndi mwamuna wogwira ntchito kunjanji, monganso ankachitira bambo ake. Tsiku lina anandiimbira foni kuti sitolo yaikulu ya kumeneko, yokhala ndi timangolo tokankha ndi magalasi kutsogolo konse, ikufuna anthu othandiza kumalo ophikira buledi. Alamu anamva kwa mlonda wa pamenepo. Sankafuna masukulu apamwamba, ankangofuna munthu wodziwa kuwerenga, waukhondo ndi wolimbikira. Ine ndinakayika, chifukwa Chipwitikizi changa n'cha pamsika, ndipo Chimakhuwa ndimangomva mawu apa ndi apo. Koma amayi anali atamva zonse, pakuti foni yanga inkalankhula mokweza ngati wailesi.

"Pita," anatero. "Mwanayu ndikhala naye. Ukufuna udzakalambire pa uvuni uwu ngati ine?"

Ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, m'mawa, nditanyamula mapepala anga m'pulasitiki ndi masikono a ana a achemwali. Ndinakhala pawindo kuti ndikatsokomola ndiziyang'ana kunja. Kunali kotentha, mitengo itayoyoka masamba, anthu akuotcha minda kukonzekera mvula. Mapiri a ku Cuamba atayamba kuoneka, mtima unayamba kugunda ngati ndikupita kukhoti.

Achemwali anandilandira bwino kwambiri. Ankakhala m'nyumba yakale ya anthu a kunjanji, ya makoma ochindikala, ndipo sitima zonyamula malasha zikamadutsa makapu ankagwedezeka m'kabati. Anandibwereka siketi yakuda, bulauzi yoyera ndi nsapato zimene zinkandithina chala chaching'ono. Anandiwenga zikhadabo ndi lezala, n'kundiluka tsitsi lobwerera kumbuyo. Alamu, munthu wofatsa wolankhula zilankhulo zinayi, anakhala nane pakhonde n'kumandifunsa mafunso m'Chipwitikizi ngati iwo ndi bwana. Ndikalakwitsa ana ankaseka, iwo n'kuwathamangitsa. Anandiuza kuti ndiziyang'ana munthu kumaso poyankha, ndisamayang'ane pansi ngati ndikulankhula ndi apongozi, komanso kuti ndikapanda kumva funso ndipemphe alibwereze, ndisamangoti inde.

Tsiku la mafunsolo tinauzidwa kudikira kuseri kwa sitolo, kumene magalimoto amatsitsira katundu. Tinalipo ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Panali atsikana omaliza sekondale onunkhira mafuta abwino, anyamata ovala mataye obwereka, ndi bambo wina wa imvi amene anachokera ku Lúrio pa njinga n'kumapukuta fumbi la m'nsapato ndi tsamba la mango. Mthunzi unali wochepa, ndipo tinkasuntha nawo motsatira khoma. Palibe amene ankalankhula kwambiri ndi mnzake, chifukwa tonse tinkadziwa kuti malo ndi ochepa.

Atanditchula dzina, mlonda ananditsogolera m'kanjira kodutsa pakati pa makatoni. M'kati munali mozizira ngati June wa kumapiri. Kuzizirako kutangondilowa, pakhosi panayamba kundiyabwa, ndipo ndinameza malovu mobwerezabwereza kuti chifuwa chisatuluke. M'kachipindamo munali anthu awiri. Wina anali mayi wa muofesi, wocheperapo kwa ine, wovala magalasi, ali ndi kompyuta patsogolo. Winayo anali mkulu wa ophika buledi, bambo wonenepa wovala zoyera ndi kachipewa kophimba tsitsi.

Mayi uja ndi amene ankafunsa. Anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira ntchitoyo, ndipo yankho lokongola limene alamu anandiphunzitsa linathawa m'mutu. Ndinangonena kuti ndili ndi mwana ndi amayi okalamba, komanso kuti buledi ndi chinthu chokhacho chimene ndimadziwa. Analemba kenakake. Anafunsa ngati ndingathe kumafika kuntchito kusanache, ngati ndingagwire Lamlungu, ndi amene azisamalira mwana wanga. Kenako anafunsa chimene ndingachite wogula atabweza buledi n'kumakalipa. Funso limenelo sindinalimve bwino, ndipo ndinapempha kuti alibwereze. Bambo uja analibwereza m'Chinyanja chosakanikirana ndi Chimakhuwa. Ndinayankha kuti kwathu munthu wotero timamupatsa wina, n'kumufunsa za ana ake mpaka mtima utsike. Bamboyo anaseka, koma mayi uja anati pamenepo ndiyenera kuitana woyang'anira, ndipo analembanso.

Anandiuza kutambasula manja patebulo, n'kuyang'ana zikhadabo ndi zipsera za moto zimene zili m'mikono mwanga. Atatero, bambo uja ananditengera kumalo ophikirako.

Ndinali ndisanaonepo malo otero. Pansi panali matailosi oyera, makina akuluakulu akukanda okha ufa, ndipo mauvuni anali achitsulo, atali kuposa munthu, okhala ndi galasi loti uziona buledi akufufuma. Fungo linali lomwelija la kwathu, koma maso sankawawa, ndipo kunalibe nkhuni, phulusa kapena mwaye. Ndinaganiza za amayi atagwada pakamwa pa uvuni wawo, akukokera makala ndi khasu lakutha, ndipo ndinalakalaka akanaona.

Anandipatsa ufa wokandakanda kuti ndiumbe timibulu. Manja anakumbukira okha. Bambo uja anaika timibuluto pasikelo, ndipo tambiri tinapitirira muyezo. Anati m'sitolo muno sapima ndi maso, ndipo ndikamaumba chonchi ndiwagwetsa. Koma ananena akumwetulira, n'kuwonjezera kuti sikelo munthu amaphunzira msanga. Potuluka ndinathamangira kuseri kwa galimoto ina n'kutsokomola mpaka misozi.

Patapita masiku angapo anandiimbira foni. Anali mayi wa magalasi uja. Anati ndasankhidwa pamodzi ndi anthu ena awiri, ndipo chatsala n'kubweretsa chiphaso cha kuchipatala chimene aliyense wogwira zakudya amayenera kukhala nacho. Achemwali analulutira m'khitchini. Alamu anabwera ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ndinaimbira amayi, ndipo anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa chachitali. Ndinadikira chithe. Anati auza anthu onse a kutchalitchi, ndipo mwana wanga akuvina pabwalo ngakhale sakudziwa chimene akuvinira. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinawamva akusangalala chotero.

Kuchipatala ndinapita ngati munthu wokatenga chidindo basi. Namwino wake anali mayi wachikulire wosathamanga pochita zinthu. Anandikweza pasikelo, anandiyang'ana m'maso ndi m'kamwa, kenako anandimva ndikutsokomola. Anafunsa kuti chayamba liti. Ndinati ndi utsi wa uvuni. Anafunsa ngati ndimatuluka thukuta pogona, ngati ndaonda, ngati thupi limatentha madzulo. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinavomera chimodzichimodzi, mawu akunka natsika. Anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo n'kundiuza tsiku lobwerera.

Nditabwerera anandikhazika panja, pabenchi ya pansi pa mtengo, iye n'kukhala chapatali pang'ono. Anandiuza kuti ndili ndi chifuwa chachikulu. Anati ndi matenda ochizika, mankhwala ake ndi aulere, ndipo ndikamwa mosadumphitsa kwa theka la chaka ndidzachira. Koma chiphaso sakanandipatsa. Ine ndinkangomva za chiphasozo, zinazo zinkandidutsa. Ndinamupempha, ndinalonjeza kuti ndizivala chophimba pakamwa, kuti ndizimwa mankhwala pamaso pake tsiku lililonse. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Kenako anafunsa.

"Kunyumba kwanu kuli winanso amene amatsokomola?"

"Amayi."

"Kuyambira liti?"

Ndinayesa kukumbukira nthawi imene amayi sankatsokomola, koma sindinaipeze. Namwinoyo anati ndiwatengere kuchipatala cha ku Mandimba mwamsanga, pamodzi ndi mwana, ndipo anandilembera kalata yoti ndizikalandira mankhwala anga kumeneko.

Ndinapita kusitolo kukanena ndekha. Mayi wa magalasi anatuluka kudzakumana nane kuseri kuja. Sanandinyoze. Anapepesa, n'kunena kuti ntchito singadikire, aitana amene ankanditsatira pamndandanda. Mkulu wa ophika buledi anandiperekeza mpaka pageti, akupukuta manja pa zovala zake. Anati mng'ono wake anadwalapo matenda omwewo ndipo pano akulima thonje bwinobwino. Anandiuza kuti ndikachira ndidzabwere ndidzayesenso. Ndinathokoza, n'kuyenda mpaka kusiteshoni ya sitima, kumene ndinakhala pamwala nthawi yaitali, nditavula nsapato za achemwali.

Kunyumba nditanena, achemwali anayang'ana ana awo asanandiyang'ane ine. Sindiwaimba mlandu, wamng'onoyo anali akuyamwabe. Madzulo amenewo anandipatulira kapu ndi mbale, n'kundiyalira mphasa pakhonde. Alamu anawauza kuti matendawa sayenda m'makapu. Kenako ndinamva achemwali akuchapa bulauzi ija ndi madzi otentha. M'mawa alamu anandinyamulira chikwama mpaka pokwerera shapa, ndipo achemwali anatsanzikana nane ataima pakhomo, mwana ali kumsana, akulira mosatulutsa mawu.

Ku Mandimba ndinafika masana, amayi akutulutsa masikono. Anadabwa kundiona, n'kuganiza kuti ndabwera kudzatenga zovala. Ndinawayang'ana ngati ndikuwaona koyamba. Mafupa a m'khosi anali poyera, chitenje anachizunguliza kawiri, ndipo akanyamula thireyi ankaima kaye kuti apume. Ndinali nawo nyumba imodzi zaka zonsezo, koma zimenezi ndinaziona tsiku limenelo. Tinakhala pansi pa mpapaya ndipo ndinawauza zonse. Choyamba chimene anafunsa chinali chakuti kodi ntchito ija yapita. Nditavomera anagwira kukamwa. Za matenda awo sanafune kumva. Anati anthu akangowaona pamzere wa odwala chifuwa, palibe amene adzagulenso buledi wawo, ndiye tidzadya chiyani.

Tinakangana kwa masiku. Mwana ndinamutengera kuchipatala ndekha, ndipo anapezeka kuti alibe chifuwacho, koma anamupatsa mankhwala omuteteza. Amayi anapitiriza kuphika, mpaka m'mawa wina analavula magazi pambali pa nkhuni, mwanayo akuona. Pamenepo sanakanenso. Ndinaitana wa kabaza, ndinawakweza, ine n'kumayenda pambali nditawagwira msana.

Amayi anapezeka nacho chifuwacho, ndipo adokotala anati chawononga kale kwambiri mapapo. Anayamba mankhwala. Zimene ankaopa zija zinachitikadi. Ku Mandimba nkhani siichedwa, ndipo ogula anayamba kuchepa, ngakhale anthu amene tinkawapatsa masikono aulere pamaliro. Ena ankatipatsa moni ali kutsidya kwa msewu. Mayi mmodzi yekha woyandikana nafe, Myao wogulitsa makala, ndi amene sanasinthe. Ankabwera ndi phala, n'kukhala pamkeka womwewo ndi amayi, akuwauza nkhani za kumsika. Uvuni tinasiya kuusonkha. Mvula yoyamba inaugumula mbali imodzi, ndipo nkhuku zinayamba kuikira mazira m'katimo.

M'mawa uliwonse tinkamwa mankhwala limodzi, titakhala pakhomo. Ine ndinayamba kumva njala, thukuta linasiya, mphamvu zinayamba kubwerera. Iwo ankasanza, miyendo inatupa, ndipo ankangocheperachepera. Zinkandipweteka kudya pamaso pawo, koma ankandikakamiza, n'kumayang'anitsitsa mpaka nditamaliza. Nthawi zina ankandiuza kuti ndiwafotokozerenso za malo ophikira aja. Ankafunsa kuti makinawo amadziwa bwanji kuti ufa wakandika, ndiponso ngati buledi wa magetsi amakhala ndi khungu lolimba. Ndinkawafotokozera, iwo ali chitsinzinire. Tsiku lina anati mwina ndi iwo anandipatsira, n'kundilanda ntchito yanga. Ndinawauza kuti palibe amene akudziwa amene anayamba, ndipo ndikanapanda kupita ku Cuamba bwenzi tonse tikumwabe masamba a bulugamu.

"Ndiye unapitira zabwino," anatero. "Mwanayu akhala ndi mayi."

Chimanga chitafika m'mawondo anapempha kuti ndiwatengere ku Ngauma. Achipatala anatipatsa mankhwala oti tinyamule, ndipo amalume anga a ku Ngaumako anabwera ndi njinga yamoto ya mnzawo. Msewu unali matope okhaokha, ndipo m'malo ena amalume ankatsika n'kuwabereka amayi. Anakhala m'nyumba ya amalume milungu yochepa, akuyang'ana mapiri a kumalire kudzera pakhomo. Anamwalira m'mawa wina kukuwaza mvula, ine nditapita kukatunga madzi. Tinawaika pafupi ndi bambo.

Achemwali anafika maliro atatsala pang'ono kunyamuka. Mwambo utatha anandipeza kuseri kwa nkhokwe, n'kukhala pansi pafupi nane. Anati akanadziwa sakanandiimbira za ntchito ija, kenako anati ayi, akanandiimbira kale, zaka zapitazo. Anayamba kunena za mmene anandigonekera pakhonde, koma ndinawaletsa. Tinakhala pomwepo mpaka azimayi anabwera kudzatiitana kuti tikasambe.

Ndinamaliza mankhwala nthawi yokolola, ndipo atandiyezanso anati ndachira. Ndinatenga chiphaso chija mosavuta. Ndinasiya mwana kwa mayi wa makala uja n'kukweranso shapa ya ku Cuamba. Kusitoloko ndinapeza mlonda wina. Mayi wa magalasi anali atasamutsidwa, ndipo m'malo mwake munali mnyamata amene sankadziwa za ine. Analandira mapepala anga mwaulemu n'kunena kuti pakadali pano malo kulibe, akadzapezeka adzaimba. Ndinapempha kuonana ndi mkulu wa ophika buledi. Anatuluka, anandiyang'ana kanthawi, kenako anandikumbukira. Anasangalala kuti ndanenepa, ndipo anafunsa za kunyumba. Nditamuuza za amayi anavula kachipewa kake n'kukagwira m'manja. Anati iye salemba anthu ntchito, koma adzandinenera. Kudzera pa chitseko chimene anasiya chotsegula ndinaona bambo wa imvi wa ku Lúrio uja, atavala zoyera, akukankha ngolo ya mathireyi. Sindikudziwa ngati ndi iye amene anatenga malo anga. Ndinamukwezera dzanja, nayenso anakweza, ngakhale ndikukayika ngati anandizindikira.

Foni sinabwere. Ndinadikira nyengo yonse yozizira, kenako ndinagulitsa malata a nyumba ya ku Mandimba n'kusamukira ku Ngauma, kumene amalume anandipatsa munda umene bambo ankalima. Ndimalima chimanga, soya ndi nandolo, ndipo mwana wanga amayenda wapansi kupita kusukulu ndi ana a amalume. Chaka chino nandolo wabereka bwino, koma anyani avuta kumunda wa kuphiri, moti ndimakhala komweko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka.